Mangochi, Pamene Nyanja Imasanduka Mtsinje

Ana inu, tiyambe ndi funso. Mitsinje yambirimbiri imathira madzi ake m'Nyanja ya Malawi usana ndi usiku: Linthipe, Bua, Dwangwa, Rukuru, Songwe, ngakhalenso Ruhuhu wochokera ku Tanzania. Nanga bwanji nyanjayo sidzadza n'kumiza dziko lonse? Madzi onsewo amapita kuti?

Ambiri mwa madziwo amamwedwa ndi dzuwa. Amasanduka nthunzi n'kukwera kumwamba, ife osaona. Otsalawo ali ndi njira imodzi yokha yotulukira, ndipo njirayo ili m'boma la Mangochi. Kumeneko magombe awiri a nyanja amayandikana pang'onopang'ono, nyanja n'kumachepa, mpaka yasanduka mtsinje wa Shire. Tawuni ya Mangochi ili m'mbali mwa mtsinjewu, makilomita ochepa kuchokera pamene ukuyambira.

Alendo ambiri ochokera ku Blantyre, ku Zomba ndi ku Liwonde amangodutsa m'tawuniyi mothamanga, mtima uli ku mchenga wa ku Nkopola kapena ku Cape Maclear. Ine ndimati amenewa amataya zambiri. Mukadzapita inu, mudzapemphe aphunzitsi kapena makolo kuti galimoto iime kaye, mutsike, muyende wapansi.

Poyambira ndi pamlatho

Mlatho wa Bakili Muluzi, umene unamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan, ndiwo umalumikiza tawuni ndi tsidya la kum'mawa. Imani m'mbali mwake, moyenda anthu apansi, muyang'ane m'madzi. Poyamba mudzayesa kuti madziwo angoima. Dikirani kufikira mutaona kachitsa ka namasupuni kapena bango likuyandama, mulilondole ndi maso. Likupita kummwera, koma mosafulumira, chifukwa chigwa chimenechi n'chathyathyathya kwambiri ndipo madzi alibe potsetserekera penipeni.

Shire akayenda makilomita pafupifupi 20 kuchokera ku nyanja yaikulu amalowa m'nyanja ina yaing'ono, Malombe. Nyanja ziwirizi n'zosiyana zedi. Ya Malawi ndi yaitali makilomita oposa 560 ndipo pena imazama mamita pafupifupi 700. Malombe malo ambiri sapitirira mamita atatu. Akatuluka m'Malombe, Shire amadutsa m'nkhalango ya nyama ya Liwonde, momwe njovu zimamwa madzi ake, kenako amakazunguza makina opanga magetsi pa Nkula, pa Tedzani ndi pa Kapichira, asanakathire mu Zambezi ku Mozambique. Choncho madzi amene mukuwaona pansi pa mlathowo ndi omwewo amene amayatsa mababu m'nyumba zambiri za m'Malawi.

Kodi mungakhulupirire kuti mtsinje waukulu chotere unaphwapo? Kuyambira cha m'ma 1915 mpaka 1935 madzi a m'nyanja anatsika kwambiri, mchenga ndi udzu zinatseka potulukira, ndipo Shire analeka kuyenda kuchokera ku nyanja. Malo aakulu a Malombe anauma, anthu n'kulimamo minda. Madzi atakweranso anaboola mchengawo, mtsinje n'kudzuka. Mu 1965 boma linamanga chotchingira madzi pa Liwonde, chotchedwa Kamuzu Barrage, choti chizithandiza kusunga ndi kutulutsa madzi moyeza. Komabe nyanja simvera munthu nthawi zonse. Mu 2024 inakwera mpaka kulowa m'nyumba za anthu ndi m'malo ogona alendo a m'mphepete mwake. Mukafunsa anthu a kumeneko adzakulozerani pa zipupa pamene madzi analekezera.

Mukadali pamlathopo, onani moyo wa mtsinje. Asodzi akupalasa mabwato ndi nkhafi, akakowa oyera akuyenda mosamala m'mabango, amayi akuchapa pa gombe, akabaza akuwoloka ndi anthu, matumba a makala ndi madengu a nsomba. Msewu umene wawoloka apa umakwera mapiri kupita ku Namwera mpaka ku Chiponde, pa malire ndi Mozambique. M'mapiri omwewo, m'nkhalango ya Mangochi, muli mabwinja a linga la asilikali lotchedwa Fort Mangochi, pafupi ndi pamene panali likulu la mfumu Jalasi. Ulendo wa kumeneko ndi wa miyendo yolimba ndipo umafuna munthu wodziwa njira.

Nsanja, mfuti ndi mwala wa chikumbutso

Mukatsika pamlatho kumbali ya tawuni mupeza nsanja ya njerwa yokhala ndi wotchi. Inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Britain. Nthawi imeneyo tawuniyi inkatchedwa Fort Johnston, dzina lochokera kwa Harry Johnston, mzungu woyamba kulamulira dziko lino m'dzina la Britain, amene anakhazikitsa linga kuno mu 1891.

N'chifukwa chiyani anasankha malo amenewa? Chifukwa aliyense wofuna kulowa kapena kutuluka m'nyanja ndi sitima ankayenera kudutsa pano. Komanso pano, pa mudzi wa mfumu Mponda, ndi pamene amalonda ankawolokera Shire popita ku gombe la Nyanja ya Mchere ya India. Ankanyamula minyanga ya njovu, n'kubwerako ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Chomvetsa chisoni n'chakuti m'maulendo amenewo ankatenganso anthu ogwidwa ukapolo, ena a iwo ana a msinkhu wanu, amene sanaonenso kwawo. A Britain anamenya nkhondo kuthetsa malonda oipawo, koma pa nthawi yomweyo analanda dziko ndi ulamuliro kwa mafumu ake. Zonse ziwirizi n'zoona, ndipo mwana wa Malawi ayenera kuzidziwa zonse. Dzina la Mangochi linaperekedwa ku tawuniyi dziko litalandira ufulu.

Pafupi ndi nsanjayo pali mfuti yaikulu yachitsulo. Inachotsedwa pa sitima yankhondo yotchedwa Guendolen. Mu August 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba ku Ulaya, woyendetsa sitimayi, Kaputeni Rhoades, anauzidwa kuti akawononge sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann. Anaipeza ili pamtunda ikukonzedwa, pa doko limene lero limatchedwa Liuli, ku Tanzania, ndipo anaiwombera. Kaputeni wa Ajeremani anali mnzake wa Rhoades, ndipo anali asanamve n'komwe kuti mayiko awo ali pa nkhondo. Anabwera pa bwato atakwiya kudzafunsa chimene mnzakeyo akuchita, n'kugwidwa pomwepo. Olemba mbiri ambiri amati kumeneku kunali kulimbana koyamba kwa sitima zapamadzi pa nkhondo yonseyo, ndipo kunachitika pa nyanja yathu.

Pali chinthu chachitatu chimene anthu ambiri sachiona, koma ndikupemphani kuti inu muchifunefune. Ndi chikumbutso cha sitima ya Viphya. Pa 30 July 1946 sitimayi, ili yatsopano, inakumana ndi namondwe kumpoto kwa nyanja, kufupi ndi Chilumba, ndipo inamira. Anthu 145 anafa. Apa si posewerera. Werengani zolembedwazo mwakachetechete.

Kuyenda pang'ono kuchoka apo mufika ku nyumba yosungiramo zinthu zakale, Lake Malawi Museum. Muli zida za asodzi akale, zithunzi za sitima zimene zinayendapo pa nyanja, ndi zina za moyo wa anthu a m'derali. Tengani kope ndi pensulo, mujambule chimene chakusangalatsani, ndipo musaope kufunsa wosamalira nyumbayo mafunso ambiri. Ntchito yake ndi imeneyo.

Njala ikakupwetekani, pitani ku msika. Kuli usipa wouma, utaka, kambuzi wa ku Malombe, chambo chowamba, malambe, ndipo nyengo yake ikakwana mango osaneneka. Mudzamva Chiyawo paliponse, mudzamvanso kuitana kwa mapemphero kuchokera ku mizikiti, pakuti anthu ambiri kuno ndi Asilamu. Perekani moni musanafunse mtengo, valani modzilemekeza, ndipo musajambule munthu osamupempha. Mukachita mwayi mudzakumana ndi gule wa beni, amene ovina ake amavala ngati asilikali n'kumaguba motsatira ng'oma ndi wenzulo.

Kulowera ku nyanja

Msewu wochoka ku Mangochi kupita ku Monkey Bay ndi wa makilomita pafupifupi 70. Musagone m'galimoto. Werengani milambe, ndipo muone kuti nthawi ya chilimwe ilibe tsamba ngakhale limodzi. Mlambe umayoyola masamba kuti usataye madzi amene wasunga m'thunthu mwake, n'chifukwa chake umakula bwino m'chigwa chotentha chotere. Mudzaonanso migwalangwa, ndi anthu akugulitsa mikeka, zipewa ndi madengu oluka ndi mlaza m'mbali mwa msewu.

Kuchokera ku magombe a ku Nkopola ndi ku Makokola, alendo amakwera boti kupita ku chilumba cha miyala chotchedwa Boadzulu, kumene kumakhala mbalame zambiri zodya nsomba. Woyendetsa boti amaimba mluzu, n'kuponya nsomba m'madzi. Pasanapite nthawi nkhwazi imachoka pa mtengo, kutsika mapiko ali tambalale, kutola nsombayo ndi zikhadabo osanyowetsa nthenga, n'kubwerera. Yang'anitsitsani ikamalira: imaponya mutu kumbuyo. Mukaona ziwiri pa nthambi imodzi, yaikuluyo ndi yaikazi. Mbalame imeneyi ndi imene ili pamwamba pa chizindikiro cha boma la Malawi.

Boadzulu ndi mbali ya Lake Malawi National Park, malo otetezedwa amene anakhazikitsidwa mu 1980. Mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi. Malo ena otetezedwa amatchuka ndi njovu kapena mikango. Awa anatchuka ndi tinsomba tosapitirira chikhatho chanu.

Tinsomba tachilendo ta m'miyala

Likulu la paki imeneyi lili ku Cape Maclear, pafupi ndi mudzi waukulu wa asodzi wa Chembe. Kumeneko, pa Otter Point kapena pa chilumba cha Thumbi, madzi ndi oyera moti mumaona pansi. Otsogolera alendo amabwereketsa magalasi oonera m'madzi ndi kapaipi kopumira. Mumagona chafufumimba pamwamba pa madzi, nkhope m'madzi, kapaipi kali kunja, n'kumapuma ndi pakamwa. Kupuma koyamba kumachititsa mantha pang'ono. Mukazolowera, simudzafuna kutuluka.

Pansi panu padzakhala mbuna: zobiriwira ngati thambo, zachikasu, zamizeremizere, zamawangamawanga. M'Nyanja ya Malawi muli mitundu ya nsomba yochuluka kuposa m'nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi. Za m'banja la mbuna ndi chambo zokha zilipo mitundu yoposa 700, ndipo pafupifupi yonse sipezeka kwina kulikonse.

Zinachuluka bwanji chotere? Chinsinsi chili m'khalidwe la mbuna. Izo zimadya ndere zomera pa miyala ndi tizilombo tokhala m'nderemo, zimabisala m'miyala, zimaswana m'miyala. Siziyerekeza kuwoloka mchenga wautali kapena madzi akuya, chifukwa kumeneko kulibe pobisala ndipo nsomba zikuluzikulu zingazidye. Ndiye mbuna za pa chilumba china zimangokwatirana zokhazokha, mibadwo ndi mibadwo, osakumana ndi za pa chilumba chinzake. Zaka zikwizikwi zikapita, gulu lililonse limakhala ndi mtundu wake, mano ake ndi kadyedwe kake. Zina pakamwa pake panaloza pansi kuti zizipala ndere, zina zili ndi milomo yochindikala yoyamwira tizilombo m'ming'alu. Asayansi amachokera ku mayiko akutali kudzaphunzira zimenezi pa miyala yomweyi.

Tsono taonani kaleredwe ka ana. Mbuna yaikazi ikaikira mazira imawatola n'kuwasunga m'kamwa. Amakhala momwemo pafupifupi milungu itatu, kuswa momwemo, ndipo nthawi yonseyi mayiyo sadya bwino. Mukaona nsomba yotupa kukhosi ikubisala pansi pa mwala, musaisokoneze, yanyamula ana. Chambo nachonso chimalera chotero, ndipo tiana take tikaona choopsa timathawira m'kamwa mwa mayi. Chambo chachimuna chimakumba bwalo lozungulira pa mchenga kuti chikope chachikazi. Kampango amasiyana nazo: bambo ndi mayi amalondera chisa limodzi, ndipo mayi amaikira mazira ena oti ana ake adye. Palinso nsomba yochenjera yotchedwa kaligono. Imagona chammbali pa mchenga ngati yafa, tinsomba tikabwera kudzaona, yatimeza.

Mukamvetsa zimenezi mumvetsanso chifukwa chake boma limaletsa usodzi wa makoka miyezi ina, nsomba zikamaswana, ndi chifukwa chake n'koletsedwa kuwedza m'kati mwa mamita 100 kuchokera ku gombe la paki. Wogwira chambo chimodzi chonyamula ana wapha nsomba mazana. M'Malombe chambo chinali chambiri, koma chinachepa kwambiri kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 chifukwa chogwidwa mopitirira muyeso, ndipo mpaka lero asodzi, mafumu ndi alangizi a zansomba akulimbana kuti chibwerere. Zimandiwawa ndikaona neti yoteteza ku udzudzu ikukokedwa m'madzi, chifukwa maso ake ndi aang'ono moti palibe chopulumuka.

Kumtunda nakonso kuli zoona. Pali njira zokwera mapiri momwe mungakumane ndi anyani, apusi ndi mbira, ndipo m'mawa pa miyala ya m'madzi nthawi zina mumaoneka akatumbu. Musawapatse chakudya anyani, amazolowera n'kuyamba kulanda. M'mbali mwa msewu wolowera ku Cape Maclear muli Mwala wa Mphini, thanthwe lalikulu lodzadza ndi mizere yozama ngati kuti wina analitema dala, pamene akatswiri a miyala amati ndi ntchito ya mvula, dzuwa ndi mphepo pa zaka zosawerengeka. Kulinso manda a amishoni. Mu 1875 amishoni a ku Scotland, mmodzi wa iwo Dr Robert Laws, anafika pano pa sitima yaing'ono yotchedwa Ilala, imene anthu anaisenza zidutswazidutswa polambalala mathithi a Shire. Apa ndi pamene mishoni ya Livingstonia inayambira. Malungo anapha ena mwa iwo, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe.

Madzulo khalani pa mchenga wa ku Chembe muone asodzi akukonza chilimira ndi nyali zawo. Kukada amapalasa kupita pakati, kuyatsa nyalizo, usipa n'kusonkhana pa kuwalako. M'mawa mudzaupeza utayanikidwa pa mathandala. Alipo anyamata ambiri amene angakuphunzitseni kugwira nkhafi kapena kusewera bawo pansi pa mtengo, mukawapempha mwaulemu.

Nyanja siifuna masewera

Pano ndilankhula ngati kholo lanu. Musasambe mu Shire, m'Malombe, kapena paliponse pali mabango ndi udzu wa m'madzi. Amenewo ndi malo a ng'ona ndi mvuu, ndipo ng'ona simaoneka mpaka itagwira. Funsani eni mudzi malo abwino osambira, ndipo pakhale wamkulu wokuyang'anirani. M'boti valani jekete yoyandamitsa ngakhale mumadziwa kusambira.

Kuyambira cha mu May mpaka mu August kumawomba mwera, mphepo yochokera kummwera. Nyanja imene m'mawa inali bata imatha kuwinduka masana, mafunde n'kukula kuposa munthu. Asodzi amaidziwa mphepo imeneyi kuposa wina aliyense. Akati lero sitipita, ulendo wathera pomwepo.

Palinso likodzo. Tizilombo take timakhala m'nkhono za m'madzi osazama, ndipo timalowa pa khungu munthu akamasamba kapena kuchapa. Timafika m'nkhonomo munthu wodwala akakodzera m'madzi, ndiye inu gwiritsani ntchito chimbudzi nthawi zonse. Mukadzaona magazi m'mkodzo, ngakhale patapita miyezi, musabise ndipo musachite manyazi. Uzani makolo mupite kuchipatala, mankhwala ake alipo ndipo amachiritsa. Usiku gonani m'neti, pakuti udzudzu wa kunyanja ndi wambiri.

Nanga ndalama?

Ana ena amaganiza kuti kukaona malo ndi za azungu ndi anthu olemera. Ayi ndithu. Kuima pamlatho, kuona nsanja, mfuti ndi chikumbutso cha Viphya sikulira ngakhale tambala. Polowa mu paki Amalawi amalipira ndalama zochepa kuposa alendo akunja, ndipo ku likulu la pakiyo kuli malo ophunzitsira za chilengedwe amene amalandira magulu a ana a sukulu. Ngati pa sukulu panu pali kalabu ya zachilengedwe, kambiranani ndi aphunzitsi oyang'anira kalabuyo, mulembe kalata kwa ahedi, muyambe kusonkha pang'onopang'ono teremu isanathe. Ngati palibe kalabu, inuyo ndi anzanu mukhoza kupempha kuti iyambike.

Miyezi ya September ndi October madzi amakhala oyera ndipo mwera umakhala utachepa, koma dzuwa limawotcha kwambiri, choncho tengani chipewa, madzi akumwa okwanira ndi thumba lobwereramo zinyalala zanu. Mapepala apulasitiki otayidwa pa gombe amathera m'madzi momwe muli mbuna zija. Ndipo ngati n'kotheka, konzani kuti mudzakhale pa doko la Monkey Bay Lachisanu m'mawa. Limeneli ndi tsiku limene sitima ya Ilala ya masiku ano, imene inapangidwa ku Scotland, n'kulumikizidwa pa doko lomweli, ndipo yakhala ikuyenda kuyambira mu 1951, imanyamuka mwa chizolowezi kupita kumpoto mpaka ku Chilumba. Aphunzitsi afunsiretu kudoko sabata yomweyo, chifukwa sitimayi nthawi zina imakhala ikukonzedwa.